Buku latuluka ku Sweden koma lachingerezi kulibe: mudikire bwanji osaululiridwa mathero?

Funso: Ndawerenga mabuku awiri oyamba a nkhani yaupandu ya mlembi wina wa ku Sweden, onse m'Chingerezi. Lachitatu, lomwe ndi lomaliza, latuluka kale m'Chiswidishi, koma lachingerezi sindikuliona pena paliponse. Ndidikira mpaka liti? Nanga ndingatani kuti anthu a pa intaneti asandiululire mathero? Ndimakhala ku Lilongwe.

Yankho: Mafunso anu awiriwa ndi a mtolo umodzi. Kawirikawiri munthu amene akudikira buku saululiridwa mathero ndi mnzake wolongolola ayi. Amadziululira yekha pamene akufufuza tsiku limene bukulo lituluke. Mumalemba dzina la buku pa Google sabata iliyonse, ndipo tsiku lina pansi pa dzinalo pamatuluka mzere umodzi wokha wonena amene wamwalira m'mutu womaliza. Basi, kudikira kwa chaka chonse kwapita m'madzi. Choncho mankhwala enieni ndi kudziwa tsikulo kamodzi, kuchokera pamalo odalirika, kenako n'kusiyiratu kufufuza. Zina zonse zimene ndifotokoze pano zikungothandizira mfundo imeneyi.

Tiyambe ndi kutalika kwa nthawi, chifukwa munthu akadziwa chimene chikuchedwetsa, mtima umakhala m'malo.

Buku likatuluka ku Stockholm, silimangodzimasulira lokha. Payenera kupezeka kampani yosindikiza ya ku London kapena ku New York yoti igule ufulu wolitulutsa m'Chingerezi. Ufuluwu amagulitsa ndi ejenti, woimira mlembi pa malonda a mabuku ake, monga Salomonsson Agency kapena Nordin Agency, ndipo malonda ambiri amachitika mozungulira zionetsero za mabuku: cha ku London m'miyezi ya Malichi kapena Epulo, cha ku Göteborg mu Seputembala, ndi chachikulu cha ku Frankfurt mu Okutobala. Ngati kampani imene inatulutsa mabuku awiri oyamba inagula onse atatu pamgwirizano umodzi, gawo limeneli linatha kale ndipo muli ndi mwayi. Ngati inagula awiri okha, iyamba yaona mmene awiriwo agulidwira isanaike ndalama pa lachitatu.

Ufulu ukagulidwa, bukulo limapita kwa womasulira, ndipo apa pali mzere. Omasulira odziwika bwino kuchokera m'Chiswidishi kupita m'Chingerezi si ambiri, ndipo kampani imafuna yemwe uja anamasulira mabuku oyamba kuti mawu a ampangankhani asasinthe pakati panjira. Mabuku atatu a Fredrik Backman onena za tauni ya Beartown, mwachitsanzo, onse anamasulira ndi Neil Smith. Munthu wotere akakhala kuti ali pakati pa ntchito ina, buku lanu limadikira. Ntchito yeniyeniyo mungathe kuiwerengera nokha. Tinene kuti bukulo lili ndi mawu 120,000 ndipo womasulira akumaliza mawu 2,000 patsiku: amenewo ndi masiku 60 ogwira ntchito, miyezi itatu, ndipo chimene chatuluka pamenepo ndi chosapalapala. Ayenera kubwereranso kuchiyambi n'kusalaza, kufunsa mlembi malo osamveka, kenako kupereka kwa mkonzi. Mkonzi amabweza ndi mafunso ake. Pambuyo pake wina amafufuza zolakwika za kalembedwe, wina amayala masamba, winanso amawerenga komaliza. Ndiye pali mbali imene owerenga ambiri saidziwa: ngakhale mawu onse atakonzeka, kampani siitulutsa buku mawa lake. Imafuna miyezi ingapo yoti ilengeze kwa ogulitsa mabuku, itumize makope oyambirira kwa olemba ndemanga, ndiponso isankhe mwezi umene sulimbana ndi mabuku ake ena akuluakulu.

Mukaphatikiza zonsezi, buku la mlembi wogulitsa kwambiri limatenga pafupifupi chaka. Buku lachitatu la Backman lija, Vinnarna, linatuluka ku Sweden mu Okutobala 2021, ndipo lachingerezi linafika kumapeto kwa Seputembala 2022. Buku loyamba la Karin Smirnoff lopitiriza nkhani yaupandu ya Millennium, imene anaiyamba Stieg Larsson, linatuluka mu Novembala 2022, lachingerezi, lomasuliridwa ndi Sarah Death, mu Ogasiti 2023. Amenewa ndi othamanga. Mlembi amene sanadziwike kunja amadikira nthawi yotalikirapo: buku loyamba la Stieg Larsson linatuluka mu 2005, koma owerenga Chingerezi analiona mu 2008. Ndipo pali ena amene amaiwalika kwa zaka. Henning Mankell, amene anakhala nthawi yaitali ku Maputo akugwira ntchito ndi nyumba ya zisudzo ya Teatro Avenida, analemba buku lochitikira ku Zambia, Leopardens öga, lomwe linatuluka mu 1990. Lachingerezi linabwera mu 2008, patatha zaka 18. Kutulutsa buku m'zinenero zambiri nthawi imodzi kumachitika, koma ndi mwa apo ndi apo, pa mabuku amene makampani akudziwiratu kuti abweza ndalama zochuluka. Zinatero mu Ogasiti 2015 ndi buku lachinayi la Millennium lolembedwa ndi David Lagercrantz, limene analilemba pa kompyuta yosalumikizidwa ku intaneti poopa kuti nkhani ingatuluke nthawi isanakwane.

Kwa inu, popeza awiri oyamba alipo kale m'Chingerezi, ndingayembekezere pakati pa chaka chimodzi ndi ziwiri kuchokera tsiku limene lachiswidishi linatuluka. Njira yabwino yoyezera muli nayo m'nyumba mwanu momwemo. Tsegulani tsamba lachiwiri la mabuku awiri aja, pamene pamalembedwa za umwini ndi timalemba ting'onoting'ono. Pamenepo mupeza mutu wachiswidishi ndi chaka chake, chaka cha lachingerezi, dzina la womasulira ndi dzina la kampani. Mpata umene unalipo pa buku lachiwiri ndiwo mlingo wabwino wa lachitatu.

Zinthu zinayi zimenezo muzilembe papepala, chifukwa ndi zimene mufufuzire mosadzivulaza. Pitani molunjika pa webusaiti ya ejenti wa mlembiyo, osadzera pa Google ndi mutu wa buku. Maejenti amaika mndandanda wa mayiko amene agula ufulu, pansi pa mawu akuti Rights sold, ndipo mukaona UK kapena US kapena World English limodzi ndi dzina la kampani, dziwani kuti bukulo lili m'njira. Chenjezo ndi lakuti tsamba lomwelo limakhalanso ndi chidule cha nkhani komanso timawu ta m'ndemanga za nyuzipepala za ku Sweden, chifukwa analilembera osindikiza, osati inu. Tumani mnzanu amene sawerenga mabukuwa kuti atsegule tsambalo n'kukuuzani mzere umodzi wokhawo. Ngati mukutsegula nokha pa kompyuta, dinani Ctrl ndi F, lembani Rights, ndipo maso anu agwere pomwepo osayendayenda. Mukadziwa kampani, ilembereni kalata yaifupi ya pa imelo yofunsa mwezi. Ambiri amayankha funso lotere. Mukhozanso kufufuza dzina la womasulira m'malo mwa la buku, pakuti omasulira amakonda kunena ntchito imene ali nayo ndipo, mwa chikhalidwe cha ntchito yawo, saulula nkhani. Bungwe la boma la Sweden loona za chikhalidwe, Kulturrådet, limapereka thandizo la ndalama kwa makampani akunja omasulira mabuku achiswidishi ndipo limalengeza amene alandira. Mndandanda umenewo uli ndi mitu ndi mayina okha, ndiye ndi wosaopsa. Magazini ya Swedish Book Review nayonso imanena za mabuku amene akubwera m'Chingerezi, koma ndemanga zake za mabuku osamasuliridwa zingakuuzeni zambiri kuposa zimene mukufuna.

Madeti amene mumawaona pa Goodreads, webusaiti imene owerenga amalembapo ndemanga za mabuku, kapena m'masitolo a pa intaneti kudakali miyezi yambiri musawakhulupirire msanga. Ena amaikidwa ndi anthu ongodzipereka, ena ndi ongogwirizira malo, ndipo amasunthidwa. Deti limayamba kudalirika likakhala ndi ISBN (nambala yozindikiritsa kope la buku), chikuto chenicheni ndi dzina la womasulira. Mapulogalamu ochezera nawo a AI nawonso si malo ofunsirako zimenezi: akhoza kukupatsani deti lopeka, kapena kukuwonjezerani chidule cha nkhani chimene simunapemphe.

Tsopano za kudziteteza. Ngozi siikhala yofanana chaka chonse. Imabwera m'nyengo zake, ndipo mukazidziwa simutopa ndi kukhala tcheru tsiku lililonse.

Nyengo yoyamba ndi masabata oyambirira ku Sweden. Kumeneko buku limakhala ndi tsiku loikika limene nyuzipepala zimayamba kutulutsa ndemanga, ndiye Dagens Nyheter, Svenska Dagbladet, Aftonbladet ndi Expressen zimalemba pafupifupi nthawi imodzi, mlembi n'kumaonekera pa wailesi yakanema akufotokoza chifukwa chimene anathetsera nkhani motero. Kale chinenero chinkakutetezani pa nyengo imeneyi. Masiku ano foni yanu imamasulira yokha. Facebook imatembenuza zolemba zachiswidishi kukhala Chingerezi musanapemphe, ndipo Chrome amachita chimodzimodzi ndi masamba athunthu ngati munavomerapo kamodzi. Lowani mu Settings ya zonse ziwiri, pagawo la zinenero, muzimitse kumasulira kodzichitikira kwa Chiswidishi. Ndi ntchito ya mphindi zisanu, ndipo imakubwezerani mpanda umene unagwa.

Nyengo yachiwiri ambiri saiganizira n'komwe. Chingerezi si chimene chimayamba kulandira mabuku a ku Sweden. Chidanishi, Chinorweji, Chifinishi, Chijeremani ndi Chidatchi nthawi zambiri zimatsogola. Buku loyamba la Larsson linali kale m'Chijeremani ndi m'Chifalansa mu 2006, zaka ziwiri lachingerezi lisanatuluke. Owerenga a m'mayiko amenewa ambiri amalemba maganizo awo pa intaneti m'Chingerezi, ndipo amagwiritsa ntchito mutu wa m'chinenero chawo, umene inu simungauzindikire mpaka mutawerenga kale theka la zimene alemba. Mabuku atatu a Larsson m'Chijeremani amatchedwa Verblendung, Verdammnis ndi Vergebung, mayina osafanana ngakhale pang'ono ndi achiswidishi kapena achingerezi.

Yachitatu ndi ya mafilimu. Makampani a ku Sweden sadikira owerenga Chingerezi. Filimu yachiswidishi ya buku lachitatu la Larsson inaonetsedwa mu Novembala 2009, pamene ku America bukulo linatuluka mu Meyi 2010. Filimu ikangolengezedwa, pewani tizidutswa toitsatsa ndiponso tsamba lake la pa IMDb, webusaiti ya za mafilimu. Mndandanda wa ochita sewero umaulula zambiri mwakachetechete: mukaona kuti amene akusewera mpangankhani wina akuoneka m'zigawo ziwiri zokha mwa zisanu ndi chimodzi, mwadziwa kale chimene chimuchitikire.

Chitsanzo chomwechi chikuonetsa ngozi ina, ya mpata wa pakati pa Britain ndi America. Buku lachitatu la Larsson lija linatuluka ku Britain mu Okutobala 2009, miyezi yoposa isanu ndi iwiri ku America lisanafike, moti owerenga ena a ku America ankaitanitsa makope kuchokera ku Britain. Masiku ano mpatawu umakhala waung'ono, koma ulipobe. Malawi nthawi zambiri amagwera m'chigawo cha kampani ya ku Britain, pamodzi ndi mayiko ena a Commonwealth, choncho deti limene likukukhudzani ndi la ku London, ndipo ngati la ku New York lili patsogolo, masabata a pakatipo ndi oti musamale kwambiri.

Palinso miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi lachingerezi lisanatuluke, pamene makope oyambirira amagawidwa kwa olemba ndemanga kudzera pa mawebusaiti a NetGalley ndi Edelweiss. Apa ndemanga za m'Chingerezi zimayamba kuwunjikana pa Goodreads, pa YouTube ndi pa TikTok. Koma nyengo imene ine ndimaiona kuti ndi yoopsa koposa ndi pamene mlembi walengeza buku lotsatira ku Sweden. Mwati lachitatu ndi lomaliza, koma alembi amasintha maganizo, ndipo ena amayamba nkhani yatsopano ndi ampangankhani amene apulumuka. Mawu otsatsa buku lotsatira amayamba ndi kufotokoza pamene lapitalo linathera, ndipo palibe amene amaika chenjezo pa mawu otsatsa. Kungoona dzina la mpangankhani pachikuto cha buku lachinayi kwakuuzani kuti sanafe m'lachitatu. Ichi n'chifukwa chake tsamba la mlembi pa sitolo ya pa intaneti, limene limandandalika mabuku ake onse, silabwino kulitsegula.

Za kutseka mawu pa foni, chitani motere. Pa X lowani mu Settings, kenako Privacy and safety, Mute and block, Muted words. Ikani mutu wachiswidishi, wachingerezi ngati wadziwika, dzina la mndandanda wonse wa mabukuwo, dzina la mlembi, mayina a ampangankhani akuluakulu onse, ndi dzina la tauni imene nkhani ikuchitikira. Dzina loyamba ndi lachiwiri muziike padera, chifukwa okonda buku amatchula munthu ndi dzina limodzi. Sankhani kuti kutsekako kukhale mpaka mutadzachotsa nokha, osati kwa masiku 30, pakuti tsiku la 31 simudzakumbukira. Mawu okhala ndi zilembo å, ä ndi ö muwalembe kawiri, ndi timadontho ndiponso popanda timadontho, popeza anthu akunja amalemba Bjorn m'malo mwa Björn. Dziwaninso malire ake: kutseka kumeneku kumagwira pa zolemba zobwera zokha ndi pa mauthenga okudziwitsani, koma mukafufuza nokha pa Search zonse zimaonekera, ndipo sikuwerenga mawu olembedwa pachithunzi. Pa TikTok zili pansi pa Content preferences, pamene amalola kusefa makanema potengera mawu. Kusefako kumaona mawu olembedwa pansi pa kanema, osati amene munthu akulankhula. Pa Instagram mukhoza kubisa mawu ena m'ndemanga ndi m'zolemba zimene pulogalamuyo imakusankhirani. Pa Facebook njira yogwira ntchito ndi kupumitsa munthu kapena gulu kwa masiku 30 ndi batani la Snooze, kapena kutulukiratu m'magulu a okonda mlembiyo. Ine ndinganene kuti tulukani. Gulu lingakhale ndi malamulo abwino, koma woyang'anira amagona, ndipo chithunzi chimodzi choikidwa usiku chimakwanira.

YouTube ilibe potsekera mawu pa makanema amene imakusankhirani, ndipo zimene imakuonetsani zimachokera pa zimene munaonera. Fufutani m'mbiri yanu makanema onse okhudza mlembiyo, ndipo ikakubweretserani ina dinani Not interested kapena Don't recommend channel osaitsegula. Kumeneko mutu wa kanema ndi kachithunzi kake ndiye zimaulula, musanadine n'komwe.

Malo awiri ndi ofunika kuwatchula paokha. Wikipedia siika machenjezo a ma spoiler, mawu oulula mathero a nkhani. Inasiya zimenezo mu 2007, ndipo gawo lofotokoza nkhani limanena zonse mpaka tsamba lomaliza. Choopsa si tsamba la bukulo lokha. Tsamba la mpangankhani, la mndandanda wa mabuku, ngakhale la mlembi, likhoza kunena mathero m'chiganizo choyamba. Goodreads nayo imasonkhanitsa makope a zinenero zonse pansi pa buku limodzi, kotero mukapita kukadina Want to Read pa lachingerezi, ndemanga za amene anawerenga m'Chiswidishi ndi m'Chijeremani zili pansi pomwepo. Kubisa ma spoiler kumeneko kumadalira wolemba ndemangayo, ndipo ambiri sabisa. Ndemanga yopanda mawu oulula nayonso imaulula: munthu akalemba kuti analira usiku wonse chifukwa cha uje, wakuuzani.

Ndipo dzina la mpangankhani musalilembe pa Google ngakhale pang'ono. Musanamalize kulemba, Google imakupatsani mawu omalizira potengera zimene ena amafufuza, ndipo mawu amene amatsatira dzina la mpangankhani kawirikawiri ndi onena za imfa kapena za wakupha. Mukaiwala kuti uje anali ndani m'buku loyamba, bwererani m'buku loyambalo.

Anthu amene mumacheza nawo ndi osavuta kuposa makina. Auzeni kamodzi, momveka, kuti simukufuna kumva kalikonse, ngakhale kuti bukulo ndi labwino kapena loipa. Wachibale amene ali ku Stockholm kapena ku Berlin akhoza kukuululirani mosadziwa, pongofuna kukusangalatsani. Pa gulu la WhatsApp la owerenga, pemphani kuti okambirana bukulo atsegule gulu lina, ndipo zimitsani kuonetsa mawu a uthenga pamwamba pa foni.

Mwina mwaganizapo zogula lachiswidishi pa sitolo ya pa intaneti ya Adlibris kapena ya Bokus n'kulipititsa mu Google Translate kapena DeepL. Sindikulimbikitsani. Makinawa amachita bwino ndi Chiswidishi cha m'nyuzipepala, ndipo mudzamva ndithu amene wapha ndani. Vuto lake n'lomwelo: mudzakhala mwadziululira mathero m'njira yosakoma kwambiri, kenako lachingerezi n'kudzafika chidwi chitatha. Zolakwika zake zilinso ndi mtundu wake. Mayina ambiri a anthu a ku Sweden ndi mawu wamba: Björn ndi chimbalangondo, Sten ndi mwala, Stig ndi kanjira, ndipo Hans amalembedwa ngati mawu otanthauza "chake". Dzina lotere likakhala koyambirira kwa chiganizo, makina nthawi zina amalimasulira, ndiye wapolisi amasanduka mwala m'ndime imodzi n'kubwerera m'ndime yotsatira. Mabuku ambiri achiswidishi amasonyeza zolankhula ndi kamzere koyambirira kwa mzere m'malo mwa zizindikiro zotsegula ndi kutseka, choncho mawu a wolankhula ndi a wofotokoza nkhani amasakanikirana. M'nkhani yaupandu, momwe chilichonse chimadalira kuti ananena ndani ndipo ananama pati, chisokonezo chotere chimapha nkhani.

Kuphunzira chinenerocho ndi maganizo abwinopo, koma si a buku lino. Sukulu ya boma la America yophunzitsa akazembe zinenero imaika Chiswidishi m'gulu la zosavuta kwa wolankhula Chingerezi, ndipo ngakhale pamenepo imawerengera maola pafupifupi 600 kapena kuposerapo a m'kalasi. Pa ola limodzi patsiku, zimenezo ndi pafupifupi zaka ziwiri, ndipo womasulira adzakhala atakupitirirani. Ngati muyamba, chenjerani ndi makope ofewetsedwa amene amawatcha lättläst: ndi abwino pophunzira, koma amafupikitsa nkhani yonse, mathero ndi zonse.

Podikirapo mwina mufuna kuwerenga mabuku ena a ku Sweden, ndipo pamenepa pali msampha wina umene makampani osindikiza amatchera okha. Satsata nthawi zonse dongosolo limene mlembi analembera. Pa mabuku a Håkan Nesser onena za wapolisi Van Veeteren, loyamba kutuluka m'Chingerezi, mu 2006, linali lachiwiri pa mndandanda. Loyamba lenileni, la mu 1993, linabwera mu 2008. Pa mabuku a Mankell onena za Wallander, lachiwiri linamasuliridwa mu 2001, lachitatu, lachisanu ndi lachisanu ndi chimodzi atatuluka kale, ndipo lachinayi linadikira mpaka 2005. Wowerenga wotsata zaka za Chingerezi amakumana ndi zotsatira za zinthu zimene sanazione zikuchitika. Tsatirani chaka chachiswidishi cha patsamba lachiwiri lija.

Nanga zikakanika, mwaona mzere umene simunafune kuuona? Lekezani pomwepo, ndipo musafufuze kuti mutsimikize ngati ndi zoona, chifukwa kutsimikizako ndi kumene kumasandutsa mphekesera kukhala chinthu chokhazikika m'mutu, n'kukuwonjezerani zina zitatu. Zambiri zolembedwa pa intaneti ndi zongoganizira kapena zomvedwa molakwika kudzera m'makina omasulira, ndipo kukayika kumene mwatsala nako ndi kothandiza. Akatswiri anayesapo nkhaniyi. Mu 2011 Jonathan Leavitt ndi Nicholas Christenfeld a ku University of California, San Diego, anapatsa ophunzira nkhani zazifupi 12, ena atauzidwiratu mathero, ndipo anapeza kuti ouzidwiratuwo anasangalala nazo mofanana kapena kuposerapo pang'ono. Kafukufuku wa Benjamin Johnson ndi Judith Rosenbaum wa mu 2015 anapeza zosiyana, kuti kuululiridwa kumachepetsa chisangalalo. Zonsezi zinali pa nkhani zazifupi zimene owerengawo sanaziyembekezere kwa chaka, choncho sindinganene kuti kupweteka kwanu n'kopanda pake. Chimene ndingatsimikize n'chakuti buku la masamba 500 silikhala pa mfundo imodzi. Kudziwa amene wafa sikukuuzani kuti wafa bwanji, liti, ndiponso kuti otsalawo atani.

Ngati patha zaka ziwiri, zionetsero ziwiri za ku Frankfurt zadutsa, ndipo pa mndandanda wa ejenti palibe kampani yachingerezi, mwina kumasulira mabukuwa kwasiyidwa panjira chifukwa awiri oyamba sanagulidwe mokwanira. Zimachitika. Pamenepo lemberani kampani ndi ejenti yemwe. Makalata a owerenga satsimikizira kanthu, koma ndi umboni umene ejenti amaonetsa kampani ina. Ndi pokhapo pamene kumasulira ndi makina kungakhale koyenera kukuganiziranso.

Gawo lomaliza likukhudza inu makamaka chifukwa muli ku Lilongwe. Tsiku limene lachingerezi lituluke ku London si tsiku limene lifike m'manja mwanu, ndipo masabata a pakatipo ndi amene intaneti yonse yolankhula Chingerezi ikhala ikukambirana mathero. Konzekerani kudakali mwezi umodzi kapena iwiri. Njira yachangu ndi buku la pa foni kapena lomvetsera, limene limatsegulika tsiku lomwelo. Simufunika kugula kachipangizo kowerengera mabuku ka Kindle, pulogalamu yake ya pa foni ndi yaulere. Yeseranitu khadi lanu la kubanki pogula kabuku kotchipa, chifukwa makhadi nthawi zina amakana kulipira kunja, ndipo onani ngati bukulo likuloledwa kugulitsidwa kwa munthu amene adiresi yake ndi ya ku Malawi. Ngati mukufuna la pepala, pemphani sitolo ya mabuku ikuitanitsireni pogwiritsa ntchito nambala ya ISBN ya kope la ku Britain, kapena gwirizanani ndi wina amene akuchokera ku Johannesburg, kumene masitolo monga Exclusive Books amalandira mabuku atsopano a ku Britain mwamsanga. Musadikire kope lotchipa la chikuto chofewa ngati mukuopa kuululiridwa, pakuti limatsatira patatha miyezi isanu ndi umodzi mpaka chaka.

Likafika, bukulo lenilenilo lili ndi malo oti muwalumphe. Mawu a kuchikuto chakumbuyo kawirikawiri amafotokoza mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu a nkhani, ndipo timawu toyamikira ta m'masamba oyambirira nthawi zina timatchula kuti kumapeto kuli chodzidzimutsa, zomwe zimakuchititsani kuwerenga mukusakasaka. Mitu ya machaputala pa tsamba la zamkatimu isiyeni. Pa Kindle zimitsani Popular Highlights, imene imadula mzere pansi pa ziganizo zimene owerenga ena anazikonda n'kukudziwitsiranitu kuti pano pachitika chachikulu, ndipo X-Ray musaitsegule kuti muone za mpangankhani. Pofuna kudziwa kuchuluka kwa masamba musatsegule kumapeto, chifukwa kumeneko kuli mawu othokoza a mlembi, amene nthawi zambiri amatchula katswiri amene anamuthandiza pa mfundo yeniyeni imene nkhani yagonapo, ndipo makope ena amaikako chaputala choyamba cha buku lotsatira.